Theka la Chithunzi cha Sakina

Ana anga, za ubwana wanga ku Kalembo ndakuuzani kambirimbiri, moti ena mwa inu mumayamba kuyasamula ndikangoti “kale ife”. Pano ndiyambira pomwe ndinayamba kulandira malipiro, chifukwa mwakhala mukundifunsa chomwe chinandichotsa pa kompyuta n’kukanditaya ku Nayuchi. Mayi anu ali ndi kafotokozedwe kawo, ndipo mwa iwo ine ndimatuluka ngati munthu wopanda nzeru. Mumvekonso mbali yanga.

Balaka, 1981

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata pa kampani ina yogula thonje. Anandipatsa tebulo pafupi ndi khomo, mpando wopanda chotsamira, ndi makina otaipira olemera ngati mtondo. Bwana wanga anali a Kachingwe, munthu wosakonda kulankhula kawiri. Ukalakwitsa chilembo sankakalipa iyayi. Ankangokubwezera pepalalo ataloza ndi chikhadabo pomwe walakwitsa, iwe n’kuyambiranso. Zipangizo zinkavuta. Riboni ikauma tinkaidonthezera parafini kuti ikankheko mlungu wina, ndipo pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka litabooka ngati sefa. Ndinakhala pamenepo zaka zambiri, ndinakwatira, atatu mwa inu munabadwa. Nthawi yonseyo ndinazolowera kuti pepala likawonongeka umaona ndi maso: apa padya chiswe, apa panyowa ndi mvula, apa payenda mphemvu. Ndinkayesa kuti zinthu zonse za mu ofesi zimawonongeka poyera choncho.

Ntaja, 1998

Kampani ija itatseka nthambi ya ku Balaka, ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina losamalira ana onyentchera m’boma la Machinga. Ofesi inali ku Ntaja. Poti ndinkadziwa kutaipa, anaganiza kuti kompyuta ndiidziwanso, ngati kuti wodziwa kupalasa njinga ndiye kuti basi ayendetsanso. Ananditumiza ku Blantyre kukaphunzira kwa masabata ochepa.

Mphunzitsi wathu anali mayi wina wamfupi woyenda ndi sikuludilaiva m’chikwama. Tsiku lina anatsegula kompyuta n’kutulutsa kachitsulo kokula ngati sopo wochapira. Anati imeneyi ndiye hadi disiki, nkhokwe ya zonse zomwe mumalemba. M’kati mwake muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga. Kenako anatiphunzitsa kuiyeza. Pali pulogalamu yomwe ukaiyendetsa, sikirini imasanduka yabuluu n’kudzaza timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse ndi kachigawo ka disikiyo. Pulogalamuyo imayenda kabokosi ndi kabokosi. Ikapeza powola imaikapo chilembo chofiira, ndipo ukailola imakonza: imatsekera malo owolawo, n’kudula kapena kutaya mafayilo omwe anali pamenepo. Mayi aja anawonjezera mawu omwe sanali m’buku. Anati, “Kuyeza n’kwabwino disiki ikadali ndi mphamvu. Koma mukamva ikugogoda, kuyezako kumaimaliza. Yambani mwatulutsa chinthu chomwe simungachipezenso kwina kulikonse. Zokonza pambuyo.”

Ku Ntaja ntchito yanga inali kulemba malipoti ndi kusunga zithunzi. Alangizi athu ankayenda ndi kamera yojambulira pa fulopi, kadisiki kopyapyala kolowetsa ndi kutulutsa. Mwana aliyense wogonekedwa pa malo athu odyetsera ana ankajambulidwa kawiri: tsiku lolowa, ndi tsiku lotuluka atachira. Mafulopi anali ochepa, choncho akabwera nawo ndinkasamutsira zithunzi pa hadi disiki, n’kufufuta mafulopiwo kuti abwerere kumudzi. Mwana aliyense ndinkamupatsa nambala, zithunzi zake ziwiri pansi pa nambala imodzi. Ndinapemphapo kangapo kuti tigule chosungira chachiwiri. Yankho linali loti tidikire bajeti ya chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho sichinkafika.

Bwana wanga anali a Chipeta. Ndisawanamizire, anali munthu wolimbikira, wosaba, wofika pa ntchito tonse tisanafike. Vuto lawo linali limodzi: kompyuta ankaiona ngati wailesi, yoti ikavuta umaimenya pambali n’kuyambanso kulankhula.

Ntaja, 2002

Za njala ya chaka chimenecho akuluakulu mwa inu mukukumbukira. Anthu ankadya gaga, mango osapsa owiritsa, tsinde la nthochi, ndipo a kufupi ndi nyanja ya Chiuta ankakumba nyika m’madambo. Mbuzi inkagulitsidwa mtengo wa nkhuku. Pakhomo pa ofesi m’mawa uliwonse pankakhala anthu ofuna ganyu iliyonse, ngakhale yosesa pomwe pasesedwa kale. Ana anachuluka pa malo athu mpaka ena ankagona pakhonde. Ine sindinkagwira ana. Ndinkawaona pa sikirini, nambala ndi nambala, ndipo ndinaphunzira kuwayang’ana osaima, chifukwa ukaima ntchito siyenda.

Kompyuta inkayaka kuyambira m’mawa mpaka madzulo m’kachipinda ka malata, fumbi likulowa pa zenera, magetsi akuthima pakati pa ntchito. Mvula itatha, kompyutayo inayamba kuchedwa kutsegula mafayilo. Kenako ndinamva kaphokoso m’kati, ngati munthu akugogoda tebulo ndi chikhadabo. Ndinayendetsa pulogalamu yoyeza ija osailola kukonza chilichonse. Mizere yoyamba inadutsa bwino. Itafika chapakati, zilembo zofiira zinayamba kutuluka, china apa, china apo, kenako zondondozana. Kugogoda kunakula. Ndinaimitsa n’kuzimitsa. Ndinazindikiranso kuti m’mawa kukuzizira inkamvera pang’ono, koma dzuwa likangokwera inkakanirira.

Sabata yomweyo tinkayenera kutumiza lipoti la miyezi itatu kwa otithandiza a kunja. Lipotilo linali pa disiki yomweyo, litatsala pang’ono kutha. Lipoti likachedwa, thandizo la miyezi yotsatira limachedwanso, ndipo thandizo limenelo ndiye linali phala la ana.

Linali tsiku la msika pomwe mlonda anandiuza kuti pali mayi akufuna “bambo wa zithunzi”. Ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, atafunda mpango kumutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anati ndi Abiti Jafali, achokera ku Chikweo, ndipo anyamuka wapansi kusanache. Ndinawapatsa mpando, anakana.

“Mwana wanga Sakina anagona kwanu kuno,” anatero. “Anachira. Anatuluka sabata ya Idi atanenepa, masaya ali apa. Titafika kumudzi anadwala m’mimba, masiku awiri basi. Tinaika.”

Ndinapepesa monga mwa mwambo. Iwo anangogwedeza mutu n’kupitiriza.

“Ku chipatala kwathu mwakhoma chithunzi chake pakhoma. Chija ali mafupa okhaokha. Aliyense wopita kusikelo amamuona. Anzake a msinkhu wake amaloza. Ine ndikapita ndimayang’ana pansi.”

Ndinachidziwa chithunzicho. Chinali chomwe a Chipeta anasankha kuika pachikuto cha lipoti lapitalo, ndipo a kunja anachikonda n’kuchisindikiza pa mapepala akuluakulu. Chinali paliponse: pakhoma la ofesi yathu, m’zipatala, mwinanso m’mayiko omwe sindidzafikako.

“Mukufuna tikachichotse?” ndinafunsa.

“Iyayi, bambo. Chotsani kapena siyani, izo n’zanu. Ine ndikufuna chinacho. Tsiku lotuluka anamujambulanso pansi pa mtengo wa mango, atavala diresi lomwe anamupatsa, akuseka. Arobaini yake yayandikira. Abale abwera ochokera kutali, ena sanamuonepo. Ndikufuna aone mwana wanga, osati uja wapakhoma. Pakhomo pathu palibe chithunzi chake china chilichonse.”

Arobaini ndi sadaka yomwe anzathu achisilamu amachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Ndinawauza kuti adikire. Ndinayatsa kompyuta, ndinapeza nambala ya Sakina mosavuta. Chithunzi cholowera chinatseguka. Nditadina chotulukira, kompyuta inaima n’kuyamba kugogoda. Chinali pa malo owola aja. Zithunzi za ana ochira chaka chimenecho palibe ankazifunsa, chifukwa chomwe chinkabweretsa thandizo chinali nthiti, osati masaya. Choncho chinalibe kope kwina kulikonse, ndipo fulopi yake ndinaifufuta ndekha kalekale monga mwa ntchito.

Ndinatuluka n’kuwauza kuti makina akudwala, abwerenso tsiku la msika lotsatira. Sindinalonjeze kanthu. Anati, “Insha Allah,” n’kudzuka.

Madzulo ake a Chipeta anandiitana.

“A Namakhwa, ndamva kuti kompyuta ikuvuta. Paja munati pali pulogalamu yokonza?”

“Ilipo, bwana.”

“Ndiye mukudikira chiyani? Iyendetseni mawa m’mawa, ikonze, musindikize lipoti.”

Ndinawafotokozera kuti disikiyo yatsala ndi mphamvu zochepa, mwina za m’mawa umodzi. Kukonza kukanatha kuipha isanamalize, ndipo ngakhale kukanatheka, kukanataya mafayilo onse a pamalo owola. Ndinatchula za Abiti Jafali. A Chipeta anavula magalasi.

“Ndawamvera chisoni mayiwo, musaganize kuti ndine mwala. Koma mwanayo anapita. Ine ndili ndi ana amoyo pakhonde apo. Ngati simukufuna kukonza, tulutsani lipoti kaye. Chithunzi pambuyo, ngati mpata ulipo.”

Mawu awo anali oona, ndipo mpaka lero sindinapeze powatsutsira. Koma ine ndinkaona motere: lipoti linachokera m’mapepala a alangizi, ndipo mapepalawo anali m’kabati. Likatayika, ndi zala zanga zomwe zikanavutika. Chithunzi chikatayika, palibe kabati yomwe chikanatulukamo. Chomwe sindinkadziwa n’chakuti lipoti likachedwa masiku angapo, a kunja adikira kapena ayi. Ndinayankha kuti, “Ndamva, bwana,” ndipo iwo anatenga ngati ndavomera.

Pamsika panali mayi wina wogulitsa mafirizi m’bokosi lozizira. Ndinapangana naye kuti m’mawa andibwereke malo. Kutacha ndinamasula hadi disiki, ndinaikulunga m’majumbo a shuga awiri, ndinamanga ndi mphira kuti chinyezi chisalowe, n’kuiika pakati pa mafirizi. Mayiyo ankandiyang’ana ngati ndazungulira mutu. Anati, “Bambo, chitsulo chimenechi mukachidya ndi chiyani?” Ndinamuuza kuti chili ndi malungo, tikuchitsitsa kutentha. Njira imeneyi anatiuza mphunzitsi uja ku Blantyre, akuseka, kuti ndi ya anthu osowa pogwira.

Itazizira ndinathamanga nayo ku ofesi n’kuibwezera. Inayaka mwakachetechete. Ndinalowetsa fulopi yopanda kanthu. Pa sikirini panali mafayilo onse awiri, lipoti ndi chithunzi. Ndinalamula kuti ikope chithunzi.

Inayamba bwino, kenako inaima. Inalemba kuti yalephera kuwerenga, n’kundipatsa zosankha zitatu: kusiya, kuyesanso, kapena kudumpha powolapo. Ndinadina kuyesanso. Inagogoda, inasuntha pang’ono, inaimanso. Ndinadinanso. Ndinachita zimenezi kwa nthawi yaitali, dzanja lina lili pa chitsulocho kumva mmene chikufundira. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti ndiyesa kamodzi kokha kenako ndipite ku lipoti. Dzuwa linafika pa malata. Chitsulo chitatentha ndinadina kudumpha, ndipo inamaliza kukopa zomwe inatha. Ndinatulutsa fulopi n’kuiika m’thumba la malaya. Nditalamula kuti ikope lipoti, inagogoda katatu kapena kanayi, kenako inangoti zii. Ndinaibwezera m’mafirizi, ndinayesanso masana, ndinayesanso mawa lake. Sinadzukenso.

Ndinapita ndekha kukawauza a Chipeta. Sanakweze mawu.

“Munayamba ndi chiyani?”

“Chithunzi, bwana.”

“Ndinakuuzani chiyani?”

“Lipoti.”

“Chabwino. Lipotilo ndikulifuna, kaya mulilemba ndi makala.”

M’sitolo munali makina otaipira akale omwe ankatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Ndinawapukuta, ndinadonthezera riboni parafini monga ku Balaka, ndinatulutsa mapepala a alangizi m’kabati, n’kuyamba lipoti kuchokera pa tsamba loyamba. Loweruka ndi Lamulungu ndinali pomwepo, kutchalitchi sindinapite. Zala zinali zitaiwala kulemera kwa makina amenewo ndipo zinatupa. Ndikamataipa ndinkamva ana akulira pakhonde, ndipo ndinkachita mantha, ndinene poyera. Lipoti linapita mochedwa. Thandizo linabwera, phala silinaduke, koma zimenezo ndinazidziwa patapita mwezi. Pa masiku amenewo sindinkadziwa, ndipo a Chipeta sankadziwanso.

Iwo analembera akuluakulu kuti ndinaphwanya lamulo lawo, zomwe zinali zoona. Sanapemphe kuti ndichotsedwe ntchito. Anapempha kuti ndisamutsidwire ku nyumba yosungira katundu ku Nayuchi, kumalire, komwe chimanga chinkatsikira pa sitima ndipo kunalibe kompyuta yoti ndiiphe. Mayi anu analira, chifukwa sukulu yanu inasokonekera ndipo nyumba ya ku Nayuchi inkadontha. Ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Kompyuta yatsopano itabwera ku Ntaja, inabwera ndi chosungira chachiwiri chomwe ndinkapempha chija, ndipo anaigwiritsa ntchito ndi munthu wina.

Fulopi ija ndinakaitsegula pa kompyuta ya akauntanti wathu, yemwe anandilola mphindi zochepa ataimirira kumbuyo kwanga ngati ndimubera. Chithunzi pa kompyuta chimatseguka kuyambira pamwamba kutsika pansi. Panatuluka masamba a mango. Panatuluka tsitsi, chipumi, maso otsinzina ndi kuseka, masaya, mano awiri apatsogolo, chibwano. Pansi pa chibwano panadutsa mzere, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pansi panali potuwa pokhapokha, ngati khoma la simenti. Ndinakhumudwa kwambiri. Ndinaona kuti ndataya disiki, lipoti ndi malo anga chifukwa cha theka la chithunzi. Ndinasindikiza pa pepala lolimba lomwe linalipo, ndipo poganiza kuti mayi aja angafune mwana wathunthu, ndinasindikizanso chija cholowera, chomwe akauntantiyo anali nacho kuchokera m’lipoti lapitalo.

Tsiku la msika Abiti Jafali anabwera, nthawi yomwe ndinkalongedza mabuku anga m’katoni. Anakhalanso pansi pakhonde. Ndinakhala pa sitepe n’kuwapatsa mapepala awiri aja. Cholowera anangochiona kamodzi n’kuchitembenuza, n’kuchikankhira kwa ine.

“Ichi sungani. Uyu si Sakina, iyi ndi njala.”

Chinacho anachigwira ndi manja awiri. Anachiyang’ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayamba kudzitchinjiriza. Ndinafotokoza za disiki, za malo owola, kuti ndinayesetsa koma pansipo panakana. Sindikudziwa ngati ankamva. Ndinalowa mu ofesi n’kutenga sizasi.

“Mayi, bweretsani ndidule potuwapo, patsale nkhope yokha. Chioneka bwino.”

Anachikokera pachifuwa.

“Iyayi, musadule.”

“Palibe kanthu pamenepo, mayi. Ndi pomwe makina analephera.”

“Pali manja ake,” anatero, akuloza ndi chala pakati pa potuwapo. “Apa anagwira kapu ya phala, yobiriwira. Apa ndi diresi lija, linali ndi thumba, anaikamo mango aang’ono. Mapazi ali apa, analibe nsapato. Inu simukuona chifukwa simunalipo.”

Ndinaika sizasi m’thumba. Anamasula mpango wina m’chiuno, anakulunga pepalalo mosamala kuti lisapindike, n’kuliika pamutu pansi pa mpango wofunda kuti thukuta la m’manja lisalifike. Anathokoza m’Chiyao, “Sikomo kwejinji, bambo,” n’kutsika masitepe. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu wa ku Chikweo, kenako ndinabwerera kukamaliza kumanga katoni yanga.